Maluwa ofiira a pachipilala cha asilikali

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anakwanitsa zaka zinayi tinkachita lendi ku Area 25, kuseri kwa nyumba ya bambo wina wachikulire wochokera kumpoto. Tonse pamalopo tinkawaitana kuti Adada. Anali msilikali wopuma, mkulu wa mpingo, ndipo akazi awo anali atamwalira kale. Ndikamapita kukachapa kwa mabwana kumayadi, mwana ndinkamusiya pakhonde pawo. Popanda iwo ganyu ameneyo sindikanamugwira.

Njira yanga pobwerera inkadutsa pafupi ndi chipilala chachitali chokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Lolemba lina mu Novembala, mwambo wowakumbukira utachitika dzulo lake, ndinaona nkhata zambiri patsinde pake. Kumwamba kunali kutada, mvula ili pafupi. Chakumapeto kunali kankhata kakang'ono ka waya, maluwa ake ansalu yofiira, duwa lililonse lili ndi batani lakuda pakati. Loweruka lake alamu anga ankakwatiwa, ndipo mwana wanga anasankhidwa kuyenda patsogolo pa mkwatibwi. Diresi lake linali loyera, lapakaunjika, lopanda chokongoletsa chilichonse.

Kumanda sindingatole ngakhale kamwala. Koma ndinadziuza kuti pano si pamanda, palibe wagonapo, mvula inyowetsa zonsezi ndipo osesa adzazitaya. Kankhata kaja ndinakalowetsa m'jumbo, pamwamba n'kuikapo chitenje.

Maluwa anali asanu ndi awiri. Ndinawamasula ku waya n'kuwasokera m'chiuno mwa diresi, limodzi pakansalu ka kumutu.

Loweruka m'mawa mwanayo anandipulumuka n'kuthamangira kukadzionetsa kwa Adada.

"Bwera kuno, mkwatibwi wamng'ono," iwo anatero. "Tazungulira."

Anazungulira kawiri. Adada anamuimitsa, nagwira batani limodzi ndi chala, osafulumira kulisiya.

"Amake mwana, maluwa awa mwagula kuti?"

"Ku Mchesi, Adada, kwa atelala."

"Ku Mchesi," anabwereza. "Atelala a ku Mchesi afika patali masiku ano. Ayamba kugulitsa mabatani a jekete langa."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi jekete lakale lobiriwira. Kutsogolo kwake kunalibe batani ngakhale limodzi, timaulusi tokha. Ndinangokhala pansi pasitepe.

Sanakalipe. Anakhala pampando wawo n'kundiuza za mkulu amene ankawatsogolera pamene ankalondera njanji m'dziko loyandikana ndi lathu, nthawi ya nkhondo ya kumeneko. Akuti akuluakulu ena ankakhala kumbuyo, koma ameneyo ankayenda patsogolo, ndipo patsogolo pomwepo ndi pamene chipolopolo chinamupeza. Adada anali masitepe ochepa kumbuyo kwake.

"Maiko ena mkulu wa nkhondo akagwa amamumangira chipilala pamalo pomwe wagwerapo," anatero. "Ife tinaunjikapo miyala n'kunyamuka. Lero mutandipititsa sindingapalozenso. Ndiye chaka chilichonse ndimadikira akuluakulu a masuti aike nkhata zawo pachipilala paja achoke, ine n'kuika kanga. Chaka chino ndinati mabatani awa anali komweko, apite kwa iye. Nsaluyo ndi mpango wa mayi anu malemu, akazi anga aja."

Ndinamukoka mwana kuti ndiyambe kusosola pomwepo. Anayamba kulira, atagwira diresi lake ndi manja onse.

"Musiyeni apite ku ukwati," Adada anatero. "Mwanayu sanabe kanthu."

Mawu amenewo ndinapita nawo ku tchalitchi, ndinapita nawo kuholo. Aliyense ankamuyamikira mwanayo, ena kumujambula pafoni. Apongozi anga, amene kawirikawiri sandiyamikira, anati, "Koma mkazi ameneyu ali ndi manja." Mayi wina wa mvano anandifunsa kumene ndinagula maluwawo, ndipo pakamwa panga panatulukanso Mchesi yemwe uja. Bodza lachiwirili ndi limene limandiwawa kwambiri mpaka lero, chifukwa pamenepo ndinali nditadziwa kale zonse. Mpunga anandipatsa, ndinaupereka kwa ana a eni.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinasosola maluwa onse, ndinawachapa ndi madzi ozizira kuti asasuluke, n'kuwamangiriranso pa waya uja, umene ndinali nditauponya kuseri kwa bafa. Batani limodzi linali litasowa, mwina povina. Ndinapita kuholo kukayang'ana, ndinapeza atasesa kale. Ndinachotsa lakuda pa thalauza la bambo a mwana n'kusokerapo.

Adada anailandira nkhatayo, naizunguliza pang'onopang'ono m'manja mpaka anafika pa duwa lija.

"Ili silinapiteko kunkhondo ili."

"Linasowa, Adada. Ndafuna paliponse. Ndinalakwa, mundikhululukire."

Anandibwezera nkhatayo. "Mukaike pomwe munaitenga. Ine miyendo iyi ulendo umenewo imayenda kamodzi pachaka."

Lolemba ndinapita nayo. Nkhata zina zonse zinali zitachotsedwa, pamalopo pali mbee. Mlonda anandiyang'anitsitsa ndikuituluza m'jumbo, nandifunsa ngati ndili mdzukulu wa msilikali. Ndinati ayi, ndatumidwa. Sindinadziwe ngati pamalo otere munthu amagwada kapena amaima, ndiye ndinagwada monga timachitira poika nkhata pamaliro. Dzina la mkulu ujayo sindinkalidziwa, sindinawafunse Adada, ndipo ndinachita manyazi kuti munthu ndinamulanda maluwa ake osamudziwa n'komwe.

Tsiku limenelo mwana ndinamusiya kwa apongozi ku Mgona, koma iwo ananena kuti ndi lero lokha. Lachiwiri m'mawa ndinamubereka kumbuyo, wamkulu choncho, miyendo ikundimenya m'ntchafu. Ndinati ndipita naye kuganyu, abwana akandibweza andibweze, koma pakhonde paja sindingapemphenso. Kotulukira kunali kumodzi, kudutsa pamaso pa Adada. Ndinawapatsa moni ndikuyang'ana pansi.

"Mutsitseni mwanayo, muthyoka msana," anatero. "Phala lake lili pambaula."

Ndinamasula chitenje, mwana anathamangira kwa iwo. Nditafika pageti anandiitananso.

"Amake mwana."

"Wawa, Adada."

"Mukamadutsa pachipilala paja, manja kumbuyo."