Irene ndi Seva Yochedwa ya ku Chegutu

Inu amene mukuona ngati zonse zakukanikani, imvani za Irene.

Zotsatira za mayeso a fomu folo zitatuluka, Irene anali atalepheranso masamu. Anakhala pakhonde kwawo ku Kadoma n'kumalira. Bambo ake, a Yosefe, omwe kale ankasunga zipangizo pamgodi wina ku Battlefields, anamubweretsera mbale ya nsima.

"Idya sadza, mwana wanga. Mutu uli nawo, lakukana ndi pepala chabe."

Irene anapeza ntchito yosesa pakampani ina yogula thonje ku Chegutu. Pa nthawi ya nkhomaliro ankabwereka kompyuta n'kumadziphunzitsa kulemba mapulogalamu. Patatha zaka zinayi anamupatsa seva, kompyuta yaikulu ya pakampanipo, kuti aziisamala. M'sevamo ankasungamo mndandanda wa zolakwika zonse zochokera ku masikelo oyezera thonje a ku Sanyati ndi ku Mubaira.

Nyengo yogula thonje itafika, masikelo anayamba kuzima okha. Alimi ankaswera padzuwa ndi mabelo awo. Yankho linali m'zolakwika zija, koma zinali zitafika mamiliyoni, ndipo kufufuza kamodzi kunkatenga mphindi khumi.

"Pofika Lolemba zikhale zitatheka," anatero abwana. "Apo ayi, ntchitoyi tipatsa anthu a ku Harare."

Loweruka, akuwameta tsitsi bambo ake, Irene anadandaula. "Baba, kompyuta ikamafufuza imawerenga mzere uliwonse kuyambira woyamba."

A Yosefe anaseka. "Ine bawuti sindinkaifuna shelefu ndi shelefu. Ndinali ndi makadi ondiuza pamene ili."

Irene anangoima, sizasi ili m'manja. Zimenezi anali ataziwerengapo: makadi otere m'kompyuta amawatcha indekisi.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anakwera kombi, minibasi ya ku Chegutu, kukapanga indekisi m'seva ija. Indekisi yoyamba sinathandize. Yachiwiri inadzaza disiki, moti anachita kuifufuta. Yachitatu anaiyala potengera dzina la sikelo ndi tsiku. Anadina batani, yankho n'kubwera asanachotse chala.

Masana omwewo anapeza vuto: masikelo ankazima netiweki ikaduka ali mkati motumiza kulemera kwa belo. Analikonza. Lolemba mzere wa alimi unayenda, ndipo lero Irene ndiye amayang'anira makompyuta onse pakampanipo.

Osataya mtima, abale anga. Vuto likakukulirani, lifotokozereni munthu amene amakukondani, kenako bwererani mukayesenso.