Makobidi Osambitsidwa a Mayi Ljerka

Mayi Ljerka Bašnec anagwira ntchito pachimbudzi cholipira cha mumsika wa tauni yathu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo khonsolo inawathokoza ndi satifiketi yolakwitsa dzina lawo. Ndalama yolowera inkapita kukhonsolo ndi risiti yake. Koma timakobidi tomwe anthu ankaponya m'mbale potuluka, ena mwachifundo, ena poti m'mimba mwapepuka, tinali tawo. Ankatithira m'mabotolo a nkhaka n'kutsitsira m'chipinda chapansi pa nyumba, amvekere ndalama yapachimbudzi sagulira buledi. Tsiku lomwe ankapuma ntchito, mabotolo anali atakwana 63.

Kenaka dziko linasiya ndalama yake yakale ya kuna n'kuyamba yuro, nawo mano a Mayi Ljerka anayamba kusiya ntchito limodzilimodzi osatsanzika. Makobidi akale banki inkalandira zana pa ulendo. Mayiwo anawerengera kuti adzamaliza ali ndi zaka zana limodzi ndi zinayi, basi anazisiya. Pofika chaka chino kosinthira kunatsala kulikulu ku Zagreb kokha, ndipo chaka chikangotha makobidiwo asanduka zitsulo wamba.

Dokotala wa mano anawauza kuti mano oikirira, am'mwamba ndi am'munsi, ndi mayuro 900, ndipo ngati akuwafuna Disembala asanafike alipire mwezi umene ankalankhulawo usanathe. Disembala si mwezi wamasewera kwa iwo. Ndi pamene alamu awo a Vjeko, mng'ono wa malemu amuna awo, amapha nkhumba. Zaka ziwiri zotsatizana Mayi Ljerka anakhala patebulo lija akumwa msuzi ngati wodwala, anzawo akukukuta čvarci, timafuta ta nkhumba tokazinga gwa, tomwe wokazinga wake anali iwo omwe.

Ndi a Vjeko amene anapeza kampani pa intaneti. Imabwera ndi galimoto pakhomo, imanyamula makobidi, imawerenga ndi makina, imadula gawo lake, yotsala imaponya kuakaunti.

"Alamu, izi n'zosavuta ngati kumwa madzi," anatero atakhala m'khitchini, magalasi ali pamphuno. "Fomu yake ndi masamba anayi okha."

Tsamba loyamba linafunsa gwero la ndalamazo: bizinesi, cholowa, mphatso, kapena zina. Anasankha zina. Linati afotokoze m'malembo osapitirira makumi awiri.

"Lembani kuti matumbo a tauni," anatero a Vjeko.

"Lembani anu omwe, ndinu amene munkalowa katatu patsiku osaponya kanthu."

Tsamba lachitatu linafuna kuona nkhope. Foni inawauza kuti amwetulire. Anamwetulira atatseka pakamwa, inati sinaone kalikonse. Anatsegula pakamwa, inati nkhopeyi siikufanana ndi ya pachiphaso. Zinali zoona, poti mayi wapachiphasoyo anali ndi mano. Anayesa kasanu ndi kawiri. Pomaliza foni inavomera pamene Mayi Ljerka ankaitukwana, mwina poti ndi mmene ankaonekera tsiku lojambulitsa chiphasocho.

Galimoto inabwera Lachinayi. Dalaivala anayeza makilo 140, anagwira msana wake, anasainitsa mapepala atatu n'kumapita.

Patatha masiku asanu ndi anayi uthenga unafika. Kampani inali yokondwa kwambiri kuwadziwitsa kuti gawo limodzi mwa magawo atatu ladutsa m'makina bwinobwino, ndipo landirani mayuro 495. Magawo awiri otsalawo anali oyera mbuu, odyeka m'mbali, ena omatana, ndipo malinga ndi ndime 11 ya mapepala anasaina aja awaika m'gulu la makobidi owonongedwa dala ndi mankhwala.

Mayi Ljerka anaimba foni. Anamvera nyimbo ya limba kwa mphindi makumi anayi, kenaka anayankha mtsikana wa mawu osalala.

"Mwanawe, dala lake liti? Ine ndinkawasambitsa."

"Pepani mayi, munkawatani?"

"Kuwasambitsa. Chaka chachiwiri ndili pantchito anabwera mkulu woyendera zaumoyo, wa chipewa ndi chikwama, n'kulamula kuti kobidi lililonse lapachimbudzi lizigona m'madzi a kolorini kufikira m'mawa. Ine sindinaphonyepo tsiku. Amene adutsa m'makina anuwo ndi a masabata omwe khonsolo inkaiwala kugula mankhwala."

Mtsikanayo anati wamvetsa bwino, ndipo maganizo awo ndi ofunika kwambiri kukampani. Ngati linalidi lamulo, atumize kalata ya khonsolo yokhala ndi chidindo, pamenepo ndime 11 igonja kwa ndime 14.

Kukhonsolo anawatumiza kuchipinda 6, cha 6 chinawatumiza ku 19, cha 19 chinali kunkhomaliro. Tsiku lachitatu anapeza Bambo Pintarić osunga mafayilo akale, munthu waulemu amene amalankhula ngati akupepesa maliro. Anatsikira kumashelefu, anabwerako ali fumbi lokhalokha, fayilo ili kukhwapa.

"Mayi Bašnec, lamulolo linalipodi. Nali apa, chidindo chake chokongola zedi."

"Ndiye lembani kalatayo, bambo, dokotala sakudikira."

"Kungoti pali pepala lina kumbuyoku. Analichotsa lamuloli patatha miyezi inayi."

"Analichotsa chifukwa chiyani?"

Bambo Pintarić anawerenga ndi chala. "Akuti linkawononga makobidi."

Mayi Ljerka anakhala pampando womwe sanapatsidwe. Anafunsa kuti nanga bwanji panalibe anawauza. Bamboyo anati anauzidwa ndithu: chidziwitso chinapachikidwa pabolodi la chipinda cham'mwamba cha khonsolo kwa masiku asanu ndi atatu, monga mwa malamulo, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana.

"Nthawi imeneyo ine ndinali kuti, bambo?"

"Pantchito, mayi. Fayilo yanu ikuonetsa kuti simunajombepo. N'zonyaditsa kwambiri."

"Nanga kolorini amene munkanditumizira zaka zonsezi?"

"Ameneyo anali wokolopera pansi."

Kalata anawalembera, yoona mawu alionse: kuti kuyambira Marichi mpaka Juni chaka chimenecho Mayi Bašnec ankawononga makobidi movomerezeka, ndipo zaka zotsatirazo ankatero mwa kufuna kwawo. Chidindo chinali mayuro asanu ndi awiri.

Kampani inalandira kalatayo mwansangala. Poti panalibe wodziwa kuti makobidi a miyezi inayi ija ndi ati, inagawa makilo ndi miyezi ya ntchito yawo yonse, n'kuwonjezera mayuro khumi ndi atatu. Inafunsanso ngati akufuna kuti otsalawo awabwezere, mtengo wa galimoto ukhale wawo. Kenaka inawapempha kuti aipatse nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu.

Mayuro 508 anakwanira mano am'mwamba okha. Dokotala anawachenjeza kuti nsagwada imodzi siitafuna, ili ngati chigayo cha mwala umodzi. Mayi Ljerka anati ayike zomwe ndalamayo ikufikira, zachigayo azisiyire eni chigayo.

Loweruka loyamba la Disembala nkhumba inaphedwa kukuzizira koopsa. Mayi Ljerka anali atatupa dzanja pomenya tebulo lakukhonsolo tsiku lotenga kalata, choncho mphika wa mafuta anaugwira a Vjeko. Masana anthu atakhala patebulo, kachasu wathu wa rakija atazungulira kawiri, a Vjeko anawayang'anitsitsa.

"Alamu, m'mwambamu ndinu mkazi wa nduna. M'munsimu ndinu khanda la miyezi itatu. Ndikuthirireni msuzi?"

"Sunthirani mbale ya čvarci kuno."

Anasankha kachidutswa kakang'ono kwambiri, anakaika pakamwa, anakakanikiza ndi mano atsopano pa usinini wam'munsi. Ululu unakafika m'khutu. Misozi inalengeza m'maso, koma anapitiriza, pang'onopang'ono, tebulo lonse likuwaonerera ngati mpira. Panapita nthawi yoti munthu n'kusuta ndudu kuimaliza. Kenaka anameza.

"Nanga bwanji?" anafunsa a Vjeko.

"Mwapsereza," anatero Mayi Ljerka, akutambasula dzanja kutenga kena. "Ndipo mchere munathira ndi fosholo."