Mphini ziwiri pa chithunzi cha abambo

Kompyuta inafika ku ofesi yathu ku Domasi matipate atatha zaka ziwiri. Ine ndinali wotayipa, ndipo ntchito yathu inali yokonza timabuku ta aphunzitsi. Anzanga ankaiyenda patali poopa kuiwononga, koma ine mtima unali pa makina ena athyathyathya amene anabwera nayo, oti ukaikapo chithunzi amachilowetsa m'kompyutamo. Nditangowaona ndinaganiza za abambo anga.

Abambo anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, chojambulidwa pa Songani ndi wojambula wina woyenda pa njinga, ndipo amayi ankachisunga m'Baibulo. Chaka china denga linadontha, Baibulo linanyowa, mphemvu nazo zinadzadyako gawo lawo. Nkhope inatsala yotuwa, yodzaza mizere ndi timadontho. Amayi sankadandaula, koma maso awo anali atayamba ng'ala, ndipo ndinkawapeza pakhonde atachisendeza pamphuno, akuchitembenuzira kudzuwa. Ndinadziwa kuti ndikachedwa ndidzakonza chithunzi chimene mwini wake sadzachiona.

Amene anandigwira dzanja ndi bambo wina wa kwa Malemia, wojambula zithunzi za m'mabuku athu, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mlamu wake ankaphunzira kunja ndipo ankamutumizira madisiketi pa positi. M'madisiketimo munali timapulogalamu towonjezera pa pulogalamu yathu yokonzera zithunzi, kalikonse ndi ntchito yake: kena kowalitsa, kena kochotsa madontho. Anandiuza kuti tonseto n'taulere, anatilemba anthu wamba kumayiko kwawoko, ndipo amatikonzanso nthawi ndi nthawi n'kugawira aliyense wofuna. Ine ndinatsutsa. Kwathu ngakhale wokubwereka mtondo amayembekeza kagaga, ndiye munthu wosakudziwa angakuvutikire chifukwa chiyani?

Kapulogalamu koyamba kanandikhumudwitsa. Tinakayambitsa nthawi ya nkhomaliro, kompyuta inalira mpaka tinamaliza chinangwa chathu, ndipo abambo anatuluka oyera mbuu ngati agwera m'thumba la ufa. Ndinati zaulere n'zomwezi. Wojambula wa ku ofesi uja anangoseka, n'kusunga chithunzi choyamba chija, cha mizere ndi timadontho, pa disiketi ina, akuti munthu sataya mbewu chifukwa choti wadzala kale.

Patapita miyezi kunabwera kokonzedwanso. Aka kanachotsa madontho, koma kanapita ndi nsidze zomwe, moti abambo ankaoneka odabwa ndi chinachake. Ndinaseka mpaka misozi, kenaka ndinalira zenizeni, chifukwa sabata imeneyo amayi anali atathira mchere mu tiyi poyesa shuga.

Kachitatu kanafika nthawi yokolola, ndipo kameneka kanali katakhwima. Mizere yonse inachoka, nsidze zinatsala, kolala ya malaya inaoneka mpaka batani. Kwa nthawi yoyamba ndinaona munthu amene ndinatengera chipumi. Tinachisindikiza, ndipo ndinapita nacho kunyumba ndikuyenda monyada, ndikupatsa moni ngakhale anthu amene sindinkayankhulana nawo.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandibwezera.

“Munthu wooneka bwino ndithu,” anatero. “Koma si abambo ako.”

Ndinapsa mtima, sindibisa. Chaka chathunthu ndi theka ndikudya nkhomaliro patsogolo pa kompyuta, malipiro ake n'kukhala amenewa. Ndinawauza kuti vuto ndi maso awo. Iwo sanakweze mawu. Anangoti pafupi ndi diso lamanzere, cha kulitsipa, panali mphini ziwiri, ndipo munthu uyu alibe. Ndinazikumbukira bwino: timizere tiwiri tating'ono, kamodzi kokhota. Ine ndinkayesa ndi ntchito ya mphemvu, ndipo ndinali nditasangalala kuona titafafanizika.

Kapulogalamu kaja sikankasankha. Ukakauza kuti chotsa mizere kankasesa yonse, ya mphemvu ndi ya munthu yomwe. Tinayesa kujambulira mphinizo pamanja, koma amayi anati zikuoneka ngati mwana walemba ndi makala. Wojambula uja analembera kalata mlamu wake kufotokoza vuto lathu, ndipo mlamuyo anati alifikitsa kwa mwini kapulogalamuko. Ine sindinayembekeze kanthu. Munthu wa kutali chotero angasamale za mphini za mlimi wa ku Domasi amene anamwalira kalekale?

Tinadikira miyezi isanu. Pa nthawiyi amayi anasiya kupita okha kutchalitchi, ndipo ankandizindikira ndi mawu ndisanafike pakhonde. Tsiku lililonse ndinkafunsa wa mesenjala ngati kupositi kuli kanthu, mpaka anayamba kundithawa.

Disiketi inafika mvula itayamba kugunda kuphiri. Kapulogalamu kanali komweko, koma tsopano munthu ankatha kuzunguliza malo amene akufuna kuti asakhudzidwe, ngati kumangira mpanda kamtengo ka mango pamene ukutentha tchire. Kankathanso kukulitsa chithunzi osachichititsa chimbuuzi. Ngati mwini wake anakakonza chifukwa cha kalata yathu kapena anali nazo kale m'maganizo, sindikudziwa mpaka lero. Dzina lake sindinalisunge, nkhope yake sindinaione, ndipo sanandipemphe ngakhale zikomo. Koma ndimamuthokoza, iyeyo ndi anzake onse amene ankabwerera ku ntchito yomwe anagawa kale kuti aikonzenso. Ndimathokozanso wojambula uja chifukwa cha disiketi ya mbewu ija, pakuti ndi imene tinayambiranso.

Tinasindikiza nkhope yokha, yodzaza pepala lonse. Ndinawapeza amayi pakhonde masana, dzuwa lili bwino. Anachisendeza pafupi, n'kuyendetsa diso pang'onopang'ono kuchokera kuchibwano. Chala chawo chinaima palitsipa.

“Ndi amenewa,” anatero.

Kenaka anandiuza zimene sanauzepo munthu. Abambo anali mkulu wa mpingo, ndipo kwa sing'anga sakanapondako ngakhale mutu waching'alang'ala unkawagwetsa pansi. Tsiku lina utawapanikiza, amayi anakapempha mankhwala kwa azakhali awo, n'kuwakhazika abambo kuseri kwa nkhokwe. Kutchalitchi abambo anakanena kuti anakalidwa ndi minga kumunda, ndipo anthu anawapepesa.

“Ndinawatema ndine, ndi lezala lawo lometera,” anatero amayi, chala chili pomwepo. “Dzanja linkanjenjemera. N'chifukwa chake yachiwiriyi inakhota.”

Pofika nthawi yokolola maso awo anali atatsekeka. Chithunzicho tinachiika m'felemu pakhoma, ndipo alendo akabwera amayi ankawauza kuti ayang'ane pafupi ndi diso lamanzere, n'kuwafunsa ngati zikuoneka zonse ziwiri.