Mlatho wa a Mpweya

Bambo anga akhala akukonza mafuriji moyo wawo wonse, ndipo atapuma pantchito manja anakana kukhala chete. M'galaja anayambamo zachilendo. Ankayala nsalu ya ulusi wagalasi pachikombole, n'kuiphimba ndi pulasitiki, kumata m'mbali monse, kenako kupopa mpweya ndi injini ya furiji yakale. Mpweya ukatha, utomoni umayamwidwa kudzera m'kapaipi n'kulowerera nsalu yonse, ndipo ukauma pamatuluka thabwa lopepuka koma lolimba. Ndi mmene zimayenera kukhalira. Koma matabwa a bambo ankatuluka a zigamba zoyera, othyoka ngati bisiketi, mpaka aneba anawapatsa dzina loti a Mpweya.

Tinkawaseka, koma iwo sankachita zamasewera. Chidwalireni sitiroko, amayi ankayendera chikuku, ndipo pakhomo pathu pali masitepe awiri. Mlatho wamatabwa wotsitsirapo chikuku pamasitepepo unali wolemera zosati n'kuunyamula ndekha, bambo msana unali utawakana, eni nyumba nawonso ankaletsa kuusiya pakhomo. N'chifukwa chake bambo ankafuna kupanga wina wopepuka. Amayi dzuwa ankangoliona pawindo. Zinkandiwawa kwambiri.

Tsiku lina pulasitiki inang'ambikanso pakona, bambo n'kukuwa moti amayi anamva ali kuchipinda. Amayiwo anandiuza kuti ndiwakankhire kugalajako kudzera kukhitchini. Paja iwo anali telala. Anayang'ana kamodzi kokha.

"Abambo ake, mwaikokatu ngati chikopa cha ng'oma. M'makonamo ifikamo bwanji? Ikani makwinya, ngati siketi ya sukulu."

"Mayi, iyi ndi sayansi, si siketi."

"Sayansi yanuyo ndi imene yang'ambikayi?"

Bambo anang'ung'udza, komabe anadula pulasitiki ina yaikulupo. Amayi ankaloza ndi dzanja lawo labwinolo: pindani apa, onjezani apo, ayi, kodi simunaonepo siketi inu? Bambo atayatsa injini, pulasitiki inakakamira bwinobwino mpaka m'makona, osang'ambika. Anazimitsa n'kuyang'anitsitsa muvi wa geji, womwe masiku onse unkabwerera kusonyeza kuti mpweya ukulowa. Sunasunthe. Anatsegula kapaipi, utomoni n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, nsalu ikuda mzere umodzi kuchokera uku kukafika uko, osasiya chigamba.

Utauma, mlathowo ndinaunyamula ndi dzanja limodzi. Bambo anauika pamasitepe n'kudumphapo ndi miyendo yonse, za msana ataiwala. Sunalire n'komwe. Aneba amene ankaseka aja anatuluka, wina n'kufunsa ngati angamupangire chitseko cha bafa.

Ndinagwira chikuku kuti nditsitse amayi, koma bambo anandichotsa manja. Anawatsitsa okha, mosamala, mpaka mateyala anagunda pansi. Amayi anatseka maso, nkhope italoza kudzuwa. Ine ndinalira, sindibisa.

"Tibwerere m'nyumba?" anafunsa bambo.

"Kubwerera kuti? Ndikankheni mpaka kumsewu, a Mpweya. Anthu amve kuti mlathowu tasoka awiri."