Funso Limene Sindinamufunse Fabiyano

Ndinaganiza zochoka ku Mayani nditaona kuti malipiro a unamwino sakanaphunzitsa ana awiri amene malemu amuna anga anandisiyira. Sindinapemphe nzeru kwa munthu. Ndinalemba mayeso ofunikira, ndipo abale ndinawauza kalata ya ntchito ya ku Mangalande ili kale m'manja. Mlongo wanga wamng'ono Fabiyano, amene panthawiyo anali msilikali, anandiperekeza ku bwalo la ndege akundiseka: "Achemwali, mukakawakalipira azungu monga mumatikalipira ife, akubwezani sabata isanathe."

Sanandibweze. Ndinakhalako zaka khumi ndi chimodzi.

Ndinkagwira ntchito m'chipatala cha odwala maganizo, m'gawo lolandira asilikali opuma. Aliyense wobwera koyamba, kaya wabwera chifukwa cha mowa, kaya kusowa tulo, tinkamufunsa mafunso anayi. Kodi munamenyekapo m'mutu, kapena bomba linaphulikapo pafupi nanu? Munakomoka? Mutadzuka munakumbukira zimene zinachitika? Chasintha n'chiyani kuchokera tsiku limenelo? Anatiphunzitsa kuti ubongo umatha kuvulala khungu lili bwinobwino, ndipo wovulalayo amaoneka ngati chidakwa kapena munthu wamwano. Mafunsowo sachiza, ndipo satsimikiza matenda. Amangosonyeza amene ayenera kupimidwa mozama.

Za moyo wa kumeneko ndinene zoona: unali wa ndekha. Ndinkakhala m'chipinda chimodzi, ndipo ku Misa anthu ankatuluka osapatsana moni. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ana anaphunzira. Mauthenga ambiri a pafoni ankayamba ndi moni n'kuthera pa pempho, mwakuti ndinazolowera kuyankha mwachidule.

Fabiyano anapita ku Kongo kukasungitsa mtendere. Atabwerako, abale anapereka Misa yothokoza chifukwa anabwera wopanda bala. Pasanapite nthawi yaitali anasiya usilikali n'kukakhala chikamwini kwa mkazi wake, a Nachisale, ku Lobi. Apa ndi pamene mauthenga a mlamu wangayo anasintha. Fabiyano akudzandira masana. Wathira feteleza kawiri m'mizere imodzimodzi ya kachewere, mbewu n'kupsa. Wawakalipira apongozi ake. Ine ndinayankha kuti asiye mowa, ndipo ndinamulembera mwiniwakeyo kuti akuchititsa manyazi makolo athu kumanda. Uthenga umenewo ndinaulemba pa nthawi ya nkhomaliro, nditangomaliza kufunsa msilikali wachizungu mafunso anayi aja mofatsa kwambiri. Fabiyano sanandiyankhe.

Nditabwerera kuno chaka chatha, ndinapeza ankhoswe atapangana kale tsiku. Akuchikazi ankafuna kuti Fabiyano achoke pamudzi pawo. Mkamwini akachotsedwa amanyamula bulangeti ndi khasu. Ana, munda ndi nyumba imene anamanga yekha zimatsala. Ine ndinapita ku Lobi kukapepesa m'malo mwa banja lathu, osati kukamuteteza.

Tinakhala pabwalo m'mawa, dzuwa likuwala koma mphepo ikubaya. Mlandu ankautsogolera a Gelevazio, amalume a mlamu wanga. Fabiyano anakhala poteropo, chipewa atachitsitsira m'maso.

"Mwaona nokha, mayi," anatero a Gelevazio. "Apongozi ake ali apa, ankhoswe ali apa, iye chipewa chili kumutu. Kwanu ku Mayani mumatero?"

Ndinachita manyazi, ndipo ndinamulamula kuti avule. Anavula. Nthawi yomweyo anatsinzina, n'kuphimba maso ndi dzanja, nkhope itakwinyika ngati wapsa ndi moto. Nkhope imeneyo ndinali nditaiona kambirimbiri kutsidya kwa nyanja, pa asilikali ovulala ubongo amene kuwala kumawapweteka m'maso. Ndinamuyandikira, fungo la mowa panalibe. Ndinawomba m'manja kupempha mpata wolankhula.

"Fabiyano, ku Kongo unamenyekapo m'mutu?"

"Bomba linaphulika pafupi ndi galimoto yathu, galimotoyo n'kugubuduzika."

"Unakomoka?"

"Zinachitika m'mawa. Ndinazindikira dzuwa litapendeka."

"Anakupima?"

"Magazi panalibe, achemwali. Anzanga awiri anathyoka miyendo. Ine ndikanadandaula chiyani? Ndinati ndili bwino."

"Nanga bwanji sunanene kwa aliyense?"

"Anandifunsa ndani? Inuyo munandifunsa?"



A Gelevazio anaseka pang'ono. "Mayi, mwabwera ndi chizungu kudzaphimba mlandu wa m'bale wanu. Mowa amamwa uyu, tonse timamuona."

"Sindikuphimba kanthu," ndinatero. "Anawakalipira apongozi, apepese lero lomwe. Koma ndifunse alamu angawa: chinayamba n'chiyani, mowa kapena kuiwala?"

A Nachisale anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. "Kuiwala ndi mutu," anatero motsitsa. "Mowa anayamba pambuyo, amati ukamwa mutu umaleka kulira. Amalume, amuna angawa atangobwera kumene anasochera pochokera kudimba, njira yomweyi. Ndinabisa poopa kuti anthu anena kuti ndawadyetsa mankhwala."

Pamenepo ndinapempha miyezi itatu. Ndinati ndipita naye ndekha mumzinda kwa madokotala odziwa za ubongo, ndipo akakapeza kuti palibe chilichonse, ndidzabwera kudzanyamula katundu wake pamutu panga. A Gelevazio sanakondwe. Amene anadula nkhani anali apongozi ake a Fabiyano, mayi wokalamba amene anali asanalankhulepo: "Miyezi itatu si yambiri. Zidzukulu zanga zili ndi bambo mmodzi."

Tinayenda maulendo anayi, tikumadikira pamzere tsiku lonse. Madokotala atamupima anavomereza kuti zizindikiro zake n'za kuvulala kwa ubongo kwakale. Sindinama kuti anachira. Amamwa mankhwala a mutu, amalemba ntchito za tsiku m'kabuku, mowa anauchepetsa koma nkhondo imeneyo sinathe. Akapsa mtima amachoka pagulu monga anamulangizira. Akadali ku Lobi, m'nyumba yake, ndi ana ake. Ine ndinamupepesa chifukwa cha uthenga uja. Anandiyankha kuti sakuukumbukira, ndipo sindidziwa ngati ndi matenda kapena chifundo.

Chimene ndaona chibwerereni n'chakuti kwathu kuno bala timalidziwa ndi magazi. Munthu akabwera ndi manja ndi miyendo timathokoza Mulungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Akayamba kusintha timathamangira kunena za mowa, mwano kapena ufiti. Inenso ndinachita zomwezo, ndili ndi mapepala a sukulu m'chikwama. Choncho ndalankhula ndi anamwino anzanga akale, ndipo mafunso anayi aja ndawalemba m'Chichewa. Amene akundiona ngati wovuta azolowera.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wochokera ku Mphunzi, atayenda wapansi. Anagwada pakhomo n'kunena kuti amuna awo, msilikali wopuma, atsala kunja kwa mpanda, akukana kulowa.

"Anthu akuti inu mumafunsa," anatero.

Ndinatenga mipando iwiri n'kutuluka nayo kunja kwa mpanda.