Misomali ya Sukulu

Nyumba imene anatipatsa titafika pa sukulu ija, kuseri kwa Madzimoyo, inali yoti ngakhale mbuzi ukanazilozera khomo zikanayamba zaganiza kaye. Amuna anga anali mphunzitsi wamng'ono pa onse, wongochoka kumene ku koleji, ndipo pa sukulu nyumba zimatsata udindo. Yaikulu ya pafupi ndi ofesi inali ya aHedi, yotsatira ya wachiwiri wawo, zinazo n'kumatsika choncho mpaka kumapeto kwa mzere, kufupi ndi dambo. Yakumapetoyo ndiyo inali yathu. Anzathu ankaitcha nyumba ya mileme, ndipo sankanama.

Inalibe siling'i. Ukakweza maso unkaona malata adzimbiri, mileme ili lendelende pa mitengo ya denga, zitosi zake zikugwera m'mbale, pabedi, m'mutu mwa mwana. Khoma linali ndi ming'alu yolowa dzanja lonse. Tsiku loyamba ndinakhala pa mtolo wa zofunda, mwana wanga wamkazi ali pamiyendo, n'kulira. Amuna anga, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, anangoti, "Tizolowera, amake mwana." Ndinawauza kuti azolowere okha.

Chinali chaka cha chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Chimangacho chinkabwera m'matumba, ndipo anthu akatha kudya, matumba ankangotayika m'midzi. Ine ndinayamba kuwatolera. Amayi a m'midzi yozungulira ndinkawasokera zigamba pa zovala za ana awo, iwo n'kundipatsa matumba. Ndinkawachapa kudambo, kuwasomola m'mbali, kenako n'kuwalumikiza pamanja ndi ulusi wosolola m'matumba momwemo, mpaka anasanduka chinsalu chimodzi chachikulu chokwana chipinda. Mileme ndinaithamangitsa ndi utsi wa tsabola, ndikutsokomola ngati ndikufa, ndipo mipata yonse ya pansi pa malata ndinaimata ndi dothi la pachulu. Amuna anga anadula nsungwi zoti zigwire chinsalucho. Chimene chinasowa ndi misomali.

Kuseri kwa makalasi kunali mulu wa madesiki othyoka, chiswe chikudya mosadodoma. Ndinapita kwa aHedi mwaulemu, ndinagwada, n'kupempha kuti ndizule misomali m'matabwa owolawo. Anaseka. "Tengani, amayi, tengani chabe. Mutithandiza kuchotsa zinyalala." Ndinaizula ndekha umodziumodzi, n'kumaiwongola pamwala ndi mwala unzake. Chikhadabo cha chala changa chachikulu chinachita bii, kenako chinagwa. Koma siling'i inakwera, yoyera mbee nditaipaka, ndipo kwa nthawi yoyamba tinadya osaphimba mbale ndi dzanja.

Ndiyetu dzanja linazolowera, mtima n'kukana kuleka. Ming'alu ndinaitseka. Dothi loyera ndinkakumba m'mphepete mwa dambo, kulisefa pa nsalu, n'kulisakaniza ndi phala lopyapyala la chinangwa kuti lisamatsalire pa malaya munthu akatsamira khoma. M'munsi mwa khoma ndinapaka katondo wofiira psuu kufika m'mawondo, pamwamba pake n'kujambula timapiri tosongoka totsatizana, monga ankachitira amayi anga pa khonde lathu kumudzi, cha ku Tamanda. Pansi ndinkapukuta ndi makandulo osungunula m'palafini mpaka simenti yakale ija inayamba kuwala. Makatani ndinasoka ndi nsalu za pabedi za pa salaula, msika wa zovala zakale mu Chipata, ndipo majuzi akale ndinawasomola n'kuluka tinsalu ta pamipando. Pakhonde ndinandanda zitini za maluwa. Sizinachitike mwezi umodzi izi. Zinanditengera zaka, mwana wanga mpaka anayamba sukulu ndikadali pa ntchito yomweyo, iye akundigwirira chitini cha katondo.

Ndinkanyada, ndipo sindiona chifukwa chobisira. Amayi a mpingo akafuna pokumana ankati tipite kumapeto kwa mzere. AHedi nawo akalandira alendo ochokera ku boma ankawabweretsa kwathu kudzamwa tiyi, n'kumaloza siling'i ndi ndodo yawo: "Mwaona mmene timasamalira nyumba pano?" Timasamalira! Ndinkangoluma mlomo n'kuthira tiyi.

Kenako wachiwiri kwa aHedi anasamutsidwa, ndipo m'malo mwake munabwera wina wochokera m'tauni ndi akazi ake. Nyumba yawo inali yaikulu kuposa yathu, koma amene anatulukamoyo ankasunga nkhuku m'chipinda chogona, ndiye fungo linkakulonjera uli panja. Mayiyo anafika kwathu tsiku lachiwiri kudzandipatsa moni. Anali wansangala, wonunkhira mafuta, nsapato zazitali. Ndinamukhazika pampando wabwino, ndinamuphikira tiyi wamkaka. Maso ake anali mwazumwazu, kukhoma, kudenga, pansi.

"Mayo ine, amayi, mwapanga mweka zonsezi?"

Ndinamufotokozera zonse ndi mtima umodzi, za matumba, za chinangwa, za tsabola. Anasisita khoma ndi chikhatho n'kuyang'ana ngati chada. Anatsegula chitseko cha kuchipinda osapempha. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti ndili ndi manja odala. Ine ndinamuperekeza mpaka panjira, ndikumwetulira.

Sabata isanathe aHedi anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, chipewa m'manja. Anakhala pansi, anafunsa za mwana, anafunsa za kumudzi, anayamikira mvula. Amuna anga anali atazyolika, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti iwo nkhaniyi aimva kale ku ofesi.

"Amayi," anatero aHedi, "mudziwa kuti nyumba pano ziyenda ndi maudindo. Yoyamba ni ya hedi, yachiwiri ni ya adeputi. Manje tikayang'ana bwinobwino, nyumba yachiwiri pa ubwino ni ino."

"Pamene tinabwera inali yachingati, aHedi?"

"Izo ni zakale, amayi."

"Anaisandutsa yachiwiri ndani?"

Anatembenukira kwa amuna anga ngati ine ndachoka. "Aphunzitsi, tinakambirana kale. Loweruka musamuke."

Mtima unandipsa mpaka m'makutu munalira. Ndinati chabwino, tisamuka, koma changa chilichonse ndinyamula, kuyambira siling'i. Matumba ndi anga, nsungwi anadula ndi amuna anga, ulusi ndinasolola ndekha. AHedi anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anafunsa mofatsa kwambiri:

"Nanga misomali ni ya ndani?"

Misomali ija, yopindika, yadzimbiri, imene iwo eni anaitcha zinyalala! Anapitiriza kunena kuti chinthu chokhomedwa ndi misomali ya sukulu pa mitengo ya sukulu ndi katundu wa sukulu, ndipo wochichotsa ndiye kuti waononga nyumba ya boma. Za khoma anati dothi ndi la dambo la sukulu. Ndinawafunsa ngati chikhadabo changa chinalinso cha sukulu. Amuna anga anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Amake mwana, chonde." AHedi anavala chipewa, anathokoza chifukwa cha mpando, n'kumapita.

Mpaka lero, ndikakumbukira kufatsa kwa mawu awo, thupi limanditentha. Akanabwera mwaukali bwenzi tinakalipirana n'kuthana. Koma kumulanda munthu thukuta lake ukumufunsa za moyo wa kumudzi, chipewa uli nacho m'manja, kumeneko ndiye kupanda manyazi kwenikweni. Zaka zonse zimene mileme inkatinyerera m'mbale panalibe anakumbukira kuti nyumbayo ndi ya boma.

Lachisanu ndinakanda matope akuda m'ndowa. Ndinafuna kuwathira khoma lonse, kuyambira pabalaza mpaka kuchipinda, kuti mayi wa manja osalala uja alowe m'nyumba imene ine ndinaipeza. Amuna anga anandipeza ndowa ili m'manja. Sanakalipe, sankadziwa n'komwe kukalipa. Anangoti ndikachita zimenezo aHedi alemba ku boma, ndipo atitumiza kutali kuchigwa kumene kulibe chipatala, mwana wathu ali wodwaladwala chifuwa. Ndinaima pakati pa balaza, ndikuyang'ana timapiri tanga tofiira. Matopewo ndinakawataya kudzala. Ndinachotsa makatani, tinsalu ta pamipando ndi zitini za maluwa, zina zonse n'kuzisiya.

Musaganize kuti tinalowa m'nyumba yaikulu ya nkhuku ija. Imeneyo inapita kwa mphunzitsi wotsatira pa udindo, yake n'kupita kwa womutsatira, aliyense kusunthira m'mwamba, akazi awo akusesa ndi kuimba. Amayi omwe aja ankapemphera pabalaza panga, panalibe ndi mmodzi yemwe anati izi si zoona. Ife tinatsala ndi yomwe inatsala, kanyumba ka pafupi ndi zimbudzi za ana, kamene wotulukamo anakasiya khoma lili bii ndi mwaye.

Mvula itakula, denga la nyumba yanga yakale linadontha pakona, madzi n'kutsikira pakhoma. Mayi wa m'tauni uja anabwera yekha, akumwetulira monga tsiku loyamba, atanyamula kasopo m'pepala.

"Amayi, khoma lija lada pa kona. Simungabwereko mukapakeko? Inu ndinu muziwa kasakanizidwe."

Ndinamuuza kuti dambo ndi la sukulu, dothi ndi la sukulu, akapemphe sukulu imupakire, koma manja awa ndinabadwa nawo kwa amayi anga. Sopoyo ndinamubwezera. Anakandinenera kwa aHedi kuti ndine wamwano, ndipo ku mpingo anandiitana kuti andilangize za kukhululuka. Ndinamvetsera mpaka anatha, ndinathokoza, koma khomalo sindinakapake.

M'kanyumba katsopanoko sindinakhudze kalikonse. Ndinkasesa, ndinkakolopa, chifukwa uve sindiutha, koma mwaye unakhala pakhoma momwe ndinaupezera. Makatani ndinawapinda n'kuwaika pansi pa sutikesi, pazenera n'kutchinga katoni. Maluwa ndinagawa. Alendo a aHedi sanabwerenso kudzamwa tiyi, ndipo ine ndinati zikomo.

Tsiku lina ndinapita ku Chipata kukagula mankhwala a mwana. Pobwera ndinamupeza ali chogwada pakhonde, chitini cha katondo pambali, manja ali psuu mpaka m'zigongono. Anali atapaka kale mbali imodzi ya khoma ndipo anali pakati pojambula timapiri. Tinali tokhota, tina tatikulu tina tating'ono, koma dzanja linali lomwe lija la amayi anga. Anandiyang'ana maso akuwala, akudikira kuti ndimuyamikire.

Ndinayang'ana kunjira ya ku ofesi. Kenako ndinatenga ndowa ya madzi ndi chisanza, n'kutsuka khomalo mpaka katondo yense anatsikira pansi.

"Amama, chifukwa chiyani?"

"Akaona atilanda," ndinatero.

Sanalire. Anatola chitini chake n'kukachitaya yekha kudzala. Ndinalira ndine, kuseri kwa bafa, ndikutukwana aHedi ndi chipewa chawo, ndi onse amene anandifikitsa poti ndizitsuka khoma la mwana wanga ngati wachita choipa. M'kanyumbako tinakhalamo mpaka pamene amuna anga anasamutsidwa zaka za m'ma nainte zikutha, ndipo n'zoona, panalibe anakasirira.

Mwana uja anakula, anaphunzira, ndipo lero ndi namwino. Anamanga nyumba yakeyake mu Chipata, m'munsi mwa phiri, ya njerwa zootcha, mawindo aakulu. Atakhazikikamo anandiitana kuti ndikaione. Ndinakhala masabata ndikusoka makatani a pabalaza pake, maso anga ofookawa akundiwawa, ndipo ndinawanyamula pamiyendo ulendo wonse kuti asakwinyike.

Nyumbayo ndinaipeza yaukhondo, pansi poti ungadyerepo. Koma makoma anali pululu, opanda chithunzi, opanda kalendala, opanda ngakhale kaluwa kapepala. Anali atakhalamo kale miyezi yambiri. Makatani anawalandira ndi manja awiri, anawafunyulula, anati ndi okongola zedi. Kenako anawapinda bwinobwino motsata mapindidwe ake akale n'kulowa nawo kuchipinda. Ndinamutsatira, ndipo ndinamuona akuwaika pansi pa sutikesi.

"Mwanawe, nyumba ndi yako ino. Unamanga wekha. Akulanda ndani?"

Anaseka pang'ono, akutseka sutikesiyo. "Palibe, amama. Ndikudziwa kuti palibe. Koma ndikangokoloweka kanthu pakhoma, mtima sukhala m'malo mpaka nditakachotsa."