Bambo Anga pa Khonde la Bwana

Ojambula filimu anabwera ku esiteti kwathu nyengo ya chiperoni, nkhungu itakuta minda ya tiyi. Ankafuna anthu oti aoneke ngati a nthawi ya atsamunda. Ife othyola tiyi anativula nsapato ndi majuzi, n'kutiveka ziguduli. Mtsikana wina wa m'tauni ankayenda ndi beseni la dothi lonyowa kumatipaka m'masaya. Mnzanga wina anamubweza, ati khungu lake layera kwambiri.

Bambo anga anangondiperekeza. Ali mnyamata anagwirapo ukhukhi m'nyumba ya pamtunda yomwe ankajambulirayo, koma za kumeneko sankazikamba. Mzungu wotsogolera ntchitoyo ataona imvi zawo, anawaveka yunifolomu yoyera, n'kuwapatsa thireyi ya makapu kuti aime pakhonde, kumbuyo kwa mzungu wina amene ankasewera ngati bwana.

Wosewerayo anakuwa, "Boyi!"

Bambo, munthu amene mawu ake ankadzaza tchalitchi, anapinda msana. Anayenda chammbali monyang'ama, maso pansi. "Wawa, bwana," anatero ndi timawu tating'ono tomwe ndinali ndisanatimvepo. Palibe anawauza kuti atero. Wotsogolera uja anaomba m'manja.

Atazimitsa makamera anthu anabalalika. Bambo anatsala chiimire, thireyi ili m'manja, akuyang'ana chitseko chotseka cha chipinda chodyera.

"Ababa, zatha. Tiyeni."

"Khala chete, mwanawe," ananong'ona m'Chilomwe. "Sanandiuze kuti ndichoke."

"Ndani?"

Makapu ankagundana pathireyi. Ndinachita kuwalanda, ndipo zala zawo zinali zozizira ngati mwala wa mumtsinje. Pochoka anakana kuponda kapinga wa pabwalo. Anandikokera kuseri, tinatulukira kukhomo la kukhitchini.

Filimuyo inatipeza bambo atamwalira. Mng'ono wanga ndiye anabwera nayo pafoni kuchokera ku Makwasa. Ife othyola tiyi tinangooneka misana. Bambo anaoneka bwinobwino, koma atatsegula pakamwa munatuluka mawu a munthu wina, okhuthala, m'chilankhulo cha dziko lina. Kenako munthuyo anaseka. Bambo tsiku lojambula lija sanaseke.

Amayi anasendeza nkhope pafupi ndi foni.

"Bwezera," anatero.

Mng'ono wanga anabwezera. Milomo inali ya bambo, kuseka kuja kunabweranso.

"Nanga amene walowa mwa bambo anuyu ndi ndani?"

Amayi anatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo anati foniyo isadzalowenso m'nyumba mwawo.